Kakeru: sabata imodzi yomasulira Chijapani pagalaja

Lolemba m'mawa katswiri wa injini wochokera ku Japan anaima pambali pa galimoto yotsegula boneti n'kunena mawu awiri okha: "Kakete kudasai." Amakanika onse anatembenukira kwa ine, womasulira. Mawu awiriwa angatanthauze kuti lizani injini. Angatanthauzenso kuti khalani pampando, imbani foni, kiyani chitseko, valani magalasi kapena wazani mchere. Chimene chinathandiza ndi dzanja la mkuluyo: anapinda zala ngati wagwira kiyi n'kupotokola. "Akuti lizani," ndinatero, ndipo injini inalira.

Ntchito ya sabatayi inali ya maphunziro a masiku 5 pagalaja ina ku Lilongwe, yokonza galimoto zakale za ku Japan, zija zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Panali kumasulira pakamwa, kumasulira masamba ena a buku la malangizo, komanso makalata a kampani yogulitsa masipeya. Paliponse pamenepa mneni mmodzi ankangotulukira: kakeru, wolembedwa 掛ける, koma kawirikawiri amangolembedwa かける m'zilembo za hiragana.

Muzu wa mawuwa ndi kukoleka. Kabe ni kakeru ndi kupachika chinthu pakhoma. Kuchokera apo tanthauzo limayenderera ku chilichonse chimene chaikidwa pamwamba pa chinzake n'kugwirira pomwepo: magalasi amakolekedwa pamphuno, bulangete limafunditsidwa pa mwana, madzi amawazidwa pa chinthu. Kenako limafika pa zosaoneka ndi maso, monga mphamvu, nthawi, ndalama, mawu ndi mavuto amene munthu amasenzetsa mnzake. Ife a Chichewa sitiyenera kudabwa nazo. Timaimba nyimbo, timaimba foni, timaimba munthu mlandu, ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa dzina lotsatira ndi limene limalongosola. Pa Chijapani dzinalo limabwera patsogolo, mneni pamapeto, ndipo ngati wolankhula akuona kuti dzinalo ndi lodziwika kale, amangolisiya. Vuto la womasulira lili pamenepo.

Tsiku loyambalo lokha mawuwa anatuluka motere: enjin o kakeru, kuliza injini, jakki o kakeru, kutchera jeke pamalo ake, toruku o kakeru, kumanga bawuti ndi mphamvu yoyezedwa, den'atsu o kakeru, kupereka magetsi ku chipangizo, yasuri o kakeru, kupala ndi fayilo. Pa Chichewa palibe mneni mmodzi amene angakwane ponsepo, ndipo amene angayese kumati "kuika" paliponse, amakanika amuseka.

Chofunika kwambiri patsikuli chinali kusiyanitsa kakeru ndi m'bale wake kakaru. Kakeru ali ndi wochita: munthu waliza injini. Kakaru ndi chimene chachitika pa chinthucho: injini yalira. N'chimodzimodzi kukola ndi kukodwa, ndipotu nsomba ikakodwa pa mbedza Ajapani amati kakatta. Choncho enjin ga kakaranai ndi "injini siikulira", limene ndi dandaulo la mwini galimoto, pomwe enjin o kakenai ndi "sindiliza injini", chimene ndi chisankho cha makanika. Kusiyana kwake kuli pa timawu ga ndi o, ndi kusintha pang'ono pakati pa mneni. Palinso enjin no kakari ga warui, kutanthauza galimoto imene imalira ndithu koma movutikira, sitata ikazungulira kangapo. Mukangoti "siikulira" pamenepa, makanika athamangira ku batire ndi sitata, pomwe katswiriyo amafuna ayang'ane mapulagi ndi kayendedwe ka mafuta. Ngakhale kuliza galimoto mokankha kuli ndi dzina lake lochokera ku mawu omwewa, oshigake.

Kukana nakonso kumabwera kumapeto. Pa Chichewa "musalize" amamveka pa phatikizo lachiwiri, koma pa Chijapani kakete kudasai (lizani) ndi kakenaide kudasai (musalize) amayamba mofanana. Womasulira wopupuluma, amene amayamba kulankhula mwini mawu asanamalize, akhoza kulizitsa injini munthu ali ndi dzanja pa lamba wa fani. Mmodzi wa anyamata anafunsa ali pachiwongolero, "Achimwene, akuti tilize kapena tisalize?" Yankho linachedwa ndi sekondi imodzi dala, mpaka chiganizo chitatha. Lamulo langa pagalaja ndi lomwelo: chiganizo chilichonse chokhudza injini, jeke kapena magetsi sichimasuliridwa mneni asanamveke yense.

Lachiwiri linali la buku la malangizo, ndipo chiganizo chimodzi chinadya pafupifupi ola lathunthu. Chinkati mizu o kakenaide kudasai, pa gawo lotsuka kumene kumakhala injini. Kumasulira koyamba kunali "musathire madzi". Ndi Chichewa chabwinobwino, koma n'choopsa. Kuthira kwathu kumagwira ponseponse: timathira madzi pa injini, timathiranso madzi mu radiyeta. Chijapani chimasiyanitsa. Kakeru ndi kuthira kunja, pamwamba pa chinthu. Kuthira mkati ndi ireru. Wophunzira atawerenga "musathire madzi" pafupi ndi chithunzi cha injini akhoza kuganiza kuti akumuletsa kuwonjezera madzi oziziritsa. Chimene chinatipulumutsa ndi timawu tathu "pa" ndi "mu". Chiganizocho chinakhala "musawaze kapena kukhuthulira madzi pamwamba pa zipangizo za magetsi", ndipo tinatchula zipangizozo mayina: olutaneta, bokosi la mafyuzi ndi makonekita. Madzi akalowa mu konekita, zitsulo zake zimachita dzimbiri pang'onopang'ono, ndipo vuto limadzaoneka patapita masabata, aliyense ataiwala za kutsukako.

M'buku lomwelo munali paakingu bureeki o kakeru. Pakamwa pathu pamabwera msanga "kokani handibuleki", koma galimoto zambiri za ku Japan, monga Prius zakale zija, zili ndi buleki yoimikira yoponda ndi phazi lamanzere. Kakeru sanena za kukoka kapena kuponda, amangonena kuti buleki igwire. Tinalemba "mangani buleki yoimikira", kenako chiganizo china chofotokoza mitundu iwiriyo. Ndimaona kuti kuwonjezera chiganizo chotere si kulakwira mwini buku, malinga chikuonekeratu kuti ndi mawu a womasulira.

Lachitatu linadutsa bwino, kupatula malo awiri. Katswiriyo atanyamula giya anati ha ga kakete iru. Kakeru ameneyu ndi wina, wolembedwa 欠ける, kutanthauza kubenthuka kapena kuperewera: dzino la giya labenthuka. M'kalankhulidwe ka ku Tokyo mawu awiriwa amasiyana kamvekedwe, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma kompuresa ikulira khutu silithandiza, ndipo munthu umadalira dzina ndi kamawu ga. Alipo enanso omveka chimodzimodzi: 駆ける kuthamanga, 賭ける kubetcha, 架ける kumanga mlatho, 書ける kutha kulemba. Malo achiwiri anali pamene kakeru amamatiridwa kumapeto kwa mneni wina. Beruto ga kirekakete iru si "lamba waduka" ayi, koma "lamba watsala pang'ono kuduka". Yarikake ndi ntchito yosiyidwa pakati. Mawu onena za lamba aja amauza mwini galimoto kuti akhoza kufika kwawo koma asapite ku Mzuzu. Womasulira akameza kachidutswako, galimoto yoti ikanatuluka imagona pagalaja.

Lachinayi tinachoka pansi pa galimoto n'kukhala pa tebulo la akaunti, ndipo apa ndi pamene mawuwa amatha kudyetsa munthu ndalama. Kakeru ndi kuchulukitsanso: san kakeru yon ndi 3 kuchulukitsa ndi 4. Kuchokera pamenepo amalonda a ku Japan amanena mtengo wa pikulitsa ngati gawo la mtengo wolembedwa. Hachi-gake ndi kuchulukitsa ndi 0.8, ndiye chinthu cha 10,000 yen mulipira 8,000 yen. M'kalata ya kampani ya masipeya munali roku-gake (roku ndi 6), ndipo wa akaunti, ataona chilembo cha 6, anawerengera kuti achotseredwa 60 peresenti. Ayi ndithu. Roku-gake ndiye kuti mulipira 60 peresenti, kuchotsera kwake ndi 40. Pa chipangizo cha 25,000 yen mtengo woona ndi 15,000 yen, osati 10,000 yen, ndipo pa zipangizo 40 kusiyana kwake ndi 200,000 yen. Mawu a kuchotsera ndi ena, biki: ni-wari-biki ndi kuchotsa 20 peresenti, zomwe zimafanana ndi hachi-gake. Njira yotetezeka ndi kusamasulira mawu okha. Lembani nambala yomaliza pambali, ndipo poyankha kalatayo muibwereze kuti mbali inayo ivomereze.

M'makalata omwewo kake amatanthauzanso ngongole ya malonda. Urikakekin ndi ndalama zimene ena akuyenera kukulipirani pa katundu amene munawakongoza, kaikakekin ndi zimene inu mukuyenera kulipira. Hoken o kakeru ndi kulembetsa inshuwalansi, ndipo ndalama zolipira mwezi ndi mwezi ndi kakekin. Zilembo zomwezo, 掛け金, zikawerengedwa kakegane zimatanthauza kachitsulo kotsekera chitseko.

Ndiyeno pali ulemu. Kalata iliyonse inali ndi okake, kakeru yemweyo womunena mwaulemu, penapake. Gomeiwaku o okake shite moushiwake gozaimasen ndi kupepesa kwenikweni, kwa munthu amene wachedwetsa katundu: "Pepani kwambiri, takusokonezani." Koma otesuu o okake shimasu ga si kuvomera mlandu. Ndi mawu ofewetsa pempho, monga ife timati "pepani tikuvutitseni pang'ono" tisanapemphe chinthu. Mwini galaja atamva "pepani" anafunsa kuti, "Ndiye kuti avomera kuti analakwitsa ndi iwowo?" Sanavomere kanthu, amangopempha kuti fomu idzazidwenso. Ndimaona kuti ndi bwino kutaya ulemu pang'ono pomasulira kusiyana ndi kuika m'kamwa mwa munthu chivomerezo chimene sanapereke, choncho mzerewo unakhala "chonde tithandizeni podzazanso fomuyi". Okake kudasai wa mu ofesi nayenso ali ndi kake. Amachokera ku koshi o kakeru, kukoleka chiuno, ndipo amanena za mpando kapena benchi basi, osati mphasa. "Khalani pansi" wathu akabwezedwa ku Chijapani liwu ndi liwu, mlendo ayamba kuyang'ana pasimenti.

Lachisanu mawuwa anabwerera kwawo kwenikweni, ku mbedza. Phunziro linali lotulutsa injini ndi tcheni buloko. Ntchito yomangirira katundu ku mbedza ya kireni ku Japan imatchedwa tamakake, ndipo kuti munthu aigwire pa kireni yonyamula tani imodzi kapena kuposerapo amayenera kukhala atachita maphunziro ake ovomerezeka. Katswiriyo anakoleka mawaya awiri pa mbedza, natambasula manja kusonyeza mpata wa pakati pawo, ndipo m'chiganizo chimodzi ananena kakeru kawiri: koyamba kukoleka waya, kachiwiri kuchulukitsa. Masamu ake ndi awa. Injini ya makilogalamu 200 ikapachikidwa pa mawaya awiri oima chilili, waya aliyense amasenza 100. Mawayawo akatseguka madigiri 60 pa mbedza, muchulukitse ndi 1.16, ndiye aliyense wasenza 116. Pa madigiri 90 ndi 141. Pa madigiri 120 waya aliyense amasenza 200, ngati kuti ali yekha. Chifukwa chake n'chakuti waya akapendekeka, mbali ina ya mphamvu yake imathera kukokana ndi mnzake cham'mbali m'malo mokweza katundu. N'chifukwa chake amalangiza kuti mpatawo usapitirire madigiri 60, ndipo waya akafupika, mankhwala ake ndi kutenga wautali, osati kumukakamiza. Pomasulira ndinagwiritsa "kolekani" pa waya ndi "chulukitsani" pa nambala, ndipo manambalawo analembedwa ndi choko pansi kuti khutu lisakhale lokha.

Masana a tsikulo ndinakonza mndandanda wa mawu wosiyira galajayo. Sunasanjidwe potsata mneni, chifukwa ukanakhala mutu umodzi wokhala ndi mchira wautali. Unasanjidwa potsata dzina: enjin, jakki, bureeki, mizu, toruku, waiyaa, hoken, ndipo pambali pa lililonse mneni wake wa Chichewa.

Mzere umodzi unavuta kudzaza: koe o kakeru. Koe ndi liwu, ndiye kwenikweni ndi kukoleka liwu pa munthu. Pamsewu ndi kulankhulitsa munthu, kwa wodwala ndi kumulimbikitsa, koma pagalaja ndi chizolowezi chofuula musanachite chinthu chimene chingapweteke mnzanu. Sabata yonse katswiriyo asanagwire kiyi ankafuula "Enjin kakemasu!" n'kudikira kuti wina ayankhe. "Kuitana" sikunakwane, "kuchenjeza" kunamveka ngati ngozi yachitika kale. A foromani anawerenga mzerewo n'kunena kuti, "Ingolembani zimene tizinena." Ndiye pamalo a tanthauzo panalembedwa mawu awiri. Wa pachiwongolero azifuula "Ndikuliza!" ndipo asagwire kiyi mpaka wa kuboneti atachotsa manja n'kuyankha kuti "Lizani!"