Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chilimwe cha ku Nkhotakota

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa mayeso a Sitandade 8, amene tinalemba mu 2003. Titamaliza, anzanga ambiri anangolunjika ku nazale za fodya, pakuti kwathu ku Kasungu miyezi ya Okutobala ndi Novembala si yopuma. M'mawa kheni kumanja, madzulo kheni kumanja, kuthirira mabedi kudimba mpaka mapewa kuchita dzanzi. Ine ndinachita mwayi. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo amene anakwatiwa ku Nkhotakota, anatumiza uthenga kuti mtsikanayo abwere adzapumitseko mutu, adzawathandizenso kulera khanda. Bambo anayamba akana kaye, poti ntchito inali itachuluka. Mayi anangoti, "Mlekeni mwana apite. Mwaiwala amene anatisunga chaka chatha?" Bambo sanayankhe, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Amene munali ku Kasungu pa njala ya 2002 mukudziwa zimene mayi ankanena. Pofika Febuluwale anthu ankadya gaga, ena zitsa za nthochi, maliro ali motsatizana. Ife tinapulumukira thumba la makaka, chinangwa chouma chija, limene azakhali anatitumizira kuchokera kunyanja. Choncho ndisanaione n'komwe Nkhotakota, ndinali nditadya kale za m'munda mwake.

Tinakwera matola pa boma, n'kudutsa Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy, kuwoloka Bua, kupyola Malomo, kenaka msewu n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota. Mmenemo munali zii, mitengo yokhayokha, ndipo akashembe ankatilondola n'kumatiluma pamsana podutsa malaya. Njovu sitinaione. Zaka zimenezo zinali zitatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba. Njovu pafupifupi 500 mwa zimene mukumva kuti zili kumeneko lero anachita kuzisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks litayamba kusamalira nkhalangoyo mu 2015. Titayamba kutsetsereka, mpweya unasintha, thukuta n'kuyamba kutuluka ngakhale galimoto ikuthamanga. Mayi wina amene anandikhalitsa pathumba lake la nyemba anandigwedeza phewa, amvekere, "Mwanawe, suja umafunsa za nyanja? Siyo." Ndinayang'ana osaipeza, chifukwa ndinkafunafuna tsidya lake. Madzi ndi mtambo zinali zitalumikizana.

Azakhali ankakhala chakumwera kwa boma, njira yopita ku Chia. Midzi ya kumeneko ndi yothinana, nyumba kuyang'anizana, tinjira ta mchenga tikuzungulira pansi pa mitengo ya mango ikuluikulu. Mango anali atapsa kale pamene athu ku Kasungu anali adakali anthete. M'bandakucha ndinkadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti, chinthu chimene kumudzi kwathu sindinkachimva. Msuweni wanga, wamkulu pang'ono kwa ine, ndiye ankandiyendetsa. Tikatsuka mbale kunyanja n'kugoneka khanda, tinkatsata gombe mudzi ndi mudzi, mchenga ukuwotcha kumapazi, iye akulonjera aliyense ndi dzina.

Koma chimene chinandisowetsa mtendere masiku oyambirira chinali china. Pakhomo pa azakhali panalibe nkhokwe ya chimanga. Pa aneba panalibenso. Kwathu munthu amadziwika ndi nkhokwe yake, ndipo mlendo akamalowa pakhomo maso amayamba agwera pamenepo. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina anthuwa anatipatsa thumba lija iwo akugona ndi njala. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Azakhali, kodi nkhokwe yanu ili kuti?"

Sanayankhe msanga. Anatenga khasu ndi dengu, n'kunditsogolera kuseri kwa mudzi. Kumeneko kunali minda ya chinangwa yobiriwira mpaka kutali, m'mwezi umene kwathu minda yonse imakhala fumbi ndi mapesi otentha. Anakumba phata limodzi, anagwira tsinde n'kuzula, ndipo panatuluka mizu yonenepa yodzaza theka la dengu.

"Nkhokwe yathu ndi imeneyi, mwana wa achimwene. Anankafumbwe salowamo."

Anandifotokozera tili chiimire pomwepo. Chinangwa chimatha kukhala m'nthaka chaka, ngakhale ziwiri, mwini wake n'kumangokumba chokwanira masiku ochepa. Munda wina ndi wa chaka chino, wina ndi wa chaka chatha, wina angobzala kumene, moti mvula ikavuta chaka chimodzi pakhomo sipagwa tsoka. Feteleza sagula. Mbewu sagula, amangodula mitengo ya chimene azula n'kuizika pamizere. Ndinakumbukira bambo akuwerengera ndalama za fodya, kuti zikwane matumba angati a feteleza wa chimanga, ndi nkhope yawo chaka chimene sizinakwane.

Chambiri chimene amalima kumeneko ndi chowawa, monga gomani, osati manyokola otsekemera amene ife timatafuna osaphika pamsika. Chowawacho chili ndi poizoni, ndipo munthu akachidya chosakonza bwino akhoza kufa. Kuwawako n'kumene kumachiteteza, chifukwa akuba ndi anyani sachifuna kwenikweni. Ntchito yake ili pokonza. Tinkachisenda, n'kukachiviika m'madzi mpaka chifewe, masiku angapo malinga ndi kutentha. Chikafewa chimanunkha fungo lowawasa limene limakakamira m'manja. Tinkachitsuka, kuchotsa mitsitsi ya pakati, kuchifinya, n'kuchiyanika pathandala tizidutswatizidutswa mpaka chiume kuti gwa. Kenaka mumtondo, kenaka sefa. Azakhali sankalola kufupikitsa masiku oviika ngakhale ufa utatha m'nyumba. Ankati bola kukabwereka kwa aneba.

Kuphika kondowole nakonso ndi luso lina. Sayamba ndi phala monga timachitira ndi ufa woyera. Madzi akawira, mphika amauphula, amaupana ndi mapazi, ufa amathira wambiri nthawi imodzi, ndiye kuvundula mwamphamvu nsimayo isanazizire. Imanyududuka, imakana mthiko, moti pomaliza azakhali ankakhala thukuta lili kamukamu. Ndiwo zake zinali chigwada chosinja bwino, masamba a chinangwa chomwecho, ndi usipa wauwisi wongothira mchere ndi tomato. Mbamu yake sutafuna kwambiri, umangoiviika mumsuzi n'kumeza. Ukadya masana, njala umaimva mawa lake.

Zimandiwawa mpaka lero ndikamva anthu akwathu akunena kuti chinangwa ndi chakudya cha njala, kapena akunyoza a kunyanja kuti sadziwa kulima. Munthu wadya kondowole wakhuta, koma akuti sanadye chifukwa sanaone nsima ya chimanga. Chikhalirecho amene timawanyozawo ndi amene tinkawathamangira ndi njinga mu 2002.

Kumadambo kunali minda ya mpunga, nthawi imeneyo ili youma, nthaka itang'ambikang'ambika kudikira mvula. Amuna awo a azakhali anandiuza kuti mpunga wa faya unafala kumeneko m'nthawi ya a Jumbe, amalonda achiSwahili amene ankalamulira Nkhotakota. Loweruka lina ananditenga pa njinga kupita ku boma, n'kukandionetsa mkuyu waukulu umene uli pa mishoni ya Anglican, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 kumupempha kuti aleke kugulitsa anthu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kupita tsidya lija, ulendo wa ku Kilwa, doko la ku Tanzania. Za Livingstone ndinali nditaloweza pokonzekera mayeso. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti Kasungu inali m'nkhaniyi. Mfumu Mwase inkachita malonda ndi a Jumbe, ndipo minyanga yambiri inkatsikira kunyanja kuchokera kwathu, mpaka Angerezi anadzamenyana ndi Mwase mu 1895. "Mtunda umene watsika pa matola uja," anatero bambowo, "ena anautsika wapansi, goli lili m'khosi." Pobwerera sindinayankhule kwambiri.

Usiku wopanda mwezi tinkakhala pamchenga kuonerera nyali za asodzi zitandandalika pamadzi. Msuweni wanga anandiphunzitsa kuti wa nyaliyo ndi siginala, amene amakhala m'bwato kukopa usipa kuti usonkhane, kenaka anzake amazinga ndi chilimira n'kukoka. Kukamacha gombe lonse linkadzaza. Amayi ndi mabeseni, ogula ochokera kutali ndi njinga zawo, ana akutola tinsomba tagwa pansi, kukanganirana mtengo mokweza mawu koma mosadana. Usipa wina ankaufutsa m'madzi otentha a mchere, wina ankangouyanika pathandala. Apo m'pamene ndinadziwira kumene umachokera usipa umene mayi ankagula pamsika wa Kasungu, kamulu kakang'ono ndalama zambiri. Ndinamvanso kuti Bua yemwe uja, amene amachokera ku Mchinji n'kudutsa m'malire a boma lathu, amathera m'nyanja chakumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndipo mpasa zimakwera mumtsinjewo kukaswana madzi akadzaza.

Mabingu atayamba kumveka chakumapiri, bambo anatumiza uthenga kuti ndibwerere, fodya wayandikira kuwokera. Azakhali anandimangira ufa wa kondowole, usipa wofutsa ndi mango. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chowonjezera, mtolo wa mitengo ya chinangwa. Anandisankhira okha, yokhwima bwino, ya manyokola yambiri ndi ya gomani pang'ono, n'kundionetsa mbali yoloza kumwamba pobzala.

Nditafika, bambo anauyang'ana mtolowo nthawi yaitali. Sanaunyoze. Anati vuto la kwathu ndi mbuzi ndi ng'ombe, zimene amazitayirira anthu akangokolola, ndipo m'chilimwe chinthu chobiriwira chokha m'dera lonse chidzakhala chinangwa changacho. Anatinso mizere iliyonse imene ndingatenge ndi mizere yochotsedwa ku fodya. Mayi anamvetsera mpaka bambo atamaliza, kenaka anati kuseri kwa khola kuli malo amene salimidwa, ndipo minga yotchingira mpanda adzadula okha. Tinabzala mvula yachiwiri itagwa, sabata yomwe tinkawokera fodya. Zotsatira za mayeso zinali zisanatuluke, ndipo za mmene zinandipezera ndili kumunda komweko ndidzakamba m'gawo 7.