Mwagula Galimoto, Mwini Wake Watulukira: Estoppel Ingakuthandizeni Pati?

Amene mumagula magalimoto akale ku Jules Street kapena m'mayadi ena a muno mu Johannesburg, dziwani kuti malamulo a South Africa amayamba ndi kuikira kumbuyo mwini katundu. Mwiniyo angathe kulanda chinthu chake kwa aliyense amene wapezeka nacho, ngakhale munthuyo atagula mwachilungamo, lisiti lili m'manja. Chimene chingakupulumutseni ndi mfundo imene maloya amaitcha estoppel, yochokera ku malamulo a ku England. Imaletsa munthu kukana kwamtuwagalu zimene mawu ake kapena zochita zake zinachititsa mnzake kukhulupirira, ngati mnzakeyo anatayapo kanthu chifukwa cha chikhulupirirocho.

Tinene kuti bambo wina wasiya galimoto yake pa yadi ya wogulitsa, makiyi ndi mapepala omwe, ndipo yaimikidwa pamzere ndi zinzake, mtengo wolembedwa pagalasi. Inu mwalipira R60,000. Wogulitsa wadya ndalamayo n'kusowa, ndiye bambo uja akuti galimoto ibwerere, sanalandire kalikonse. Pa mlandu wa Oakland Nominees ndi Gelria Mining, wolembedwa m'mabuku a milandu a 1976, khoti la apilo linayala zimene wogula ayenera kuonetsa. Mwini anapereka chithunzi chakuti wogulitsayo ndiye mwini kapena ali ndi mphamvu yogulitsa. Anachita zimenezo mosasamala. Inu munadalira chithunzicho pogula. Ndipo kudalirako ndiko kwakuluzitsani. Chikasowa chimodzi, galimoto yapita. Mu 1994, pa mlandu wa Quenty's Motors, kampani imene inasiya magalimoto ake kwa wogulitsa wina kuti aziwaonetsa pamodzi ndi ake inalephera kuwalanda.

Pogona nkhani ndi pa funso lakuti chithunzicho anapereka ndani. Bodza la wogulitsa silimanga mwini galimoto. N'chifukwa chake galimoto yobedwa ilibe pothawira: wobedwa sanakuuzeni kanthu, sanakuonetseni kanthu. Kungobwereka mnzako galimoto kuti apitire ku Pretoria nakonso si kumupatsa mphamvu yogulitsa.

Khoti limafunsanso ngati munthu wanzeru zake akanakhulupirira. Satifiketi ya galimoto ili ndi malo awiri, a title holder, amene ayenera kuvomereza kuti galimoto igulitsidwe, ndi a owner, amene akuigwiritsa ntchito. Ngati pa title holder palembedwa banki, ndiye kuti ngongole sinathe kapena dzina silinasinthidwe, ndipo inu mukagula osafuna kalata ya banki yotsimikiza kuti ngongoleyo inatha, n'zovuta kudzanena kuti munanamizidwa. Chimodzimodzi mtengo wotsika modabwitsa, kapena kugulitsana pa malo omwetsera mafuta usiku. Kutchipa kumatikopa tonse, koma pamaso pa woweruza kumasanduka umboni wokutsutsani.

Estoppel siibwera yokha. Muyenera kuitchula m'mapepala anu oyankhira mlandu, ndipo udindo wobweretsa umboni ndi wanu. Jambulani galimoto ili pa yadi, chikwangwani cha kampani chikuoneka. Sungani malonda ake a pa Facebook, macheza a pa WhatsApp, ndipo lipirani kudzera ku banki, osati ndalama zapamanja. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la 2002 limalola mauthenga a pafoni kukhala umboni.

Kwathu timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma kuno estoppel si yokakamizira malonjezo. Imagwira pa chimene munthu anaonetsa kuti chili choncho panthawiyo, osati "ndidzakupatsa mawa". Ndi chishango chodzitetezera wina akakusumirani, si mkondo woyambira nawo mlandu.

Ndipo siiyeretsa chimene lamulo laletsa. Apa mpamene abale ambiri apsa pa nkhani za nyumba. Lamulo la Alienation of Land la 1981 limati kugulitsana malo kukhale kolembedwa ndi kosainidwa. Ngati munapatsana ndalama pakamwa pokha pa nyumba ya ku Tembisa kapena ku Diepsloot, mwini angathe kutembenuka, ndipo mawu ake akale sangapangitse malondawo kukhala ovomerezeka. Chotsala ndi kumenyera kuti ndalama zanu zibwere, ndi zina za zimene munamangapo.