Kafukufuku wanga wa kangaru: kuchokera m'kaundula wa mu wodi mpaka pakhonde la mayi

Anzanga anamwino amene ayamba maphunziro a digiri yachiwiri amakonda kundifunsa kuti kafukufuku amayambira pati, nanga chilolezo amachipeza bwanji. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe njira yonse monga momwe ndinaiyendera. Ndimagwira ntchito mu wodi ya ana obadwa masiku osakwana pa chipatala china cha boma, ndipo kafukufuku wanga anali wokhudza chisamaliro cha kangaru, chija mayi amamangirira khanda pachifuwa, khungu ndi khungu, usana ndi usiku.

Funso langa ndinalipeza m'kaundula wathu. Mayi akakhala mu wodi, kangaru amayenda bwino. Mwana amayamwa, thupi lake limakhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, sikelo imakwera ndi magalamu 15 kapena kuposa pa kilogalamu iliyonse patsiku monga timafunira, ndipo timawatulutsa titawauza tsiku lobwera kusikelo. Koma patsikulo ena amabwera ataberekera mwana kumbuyo, manja ndi mapazi zili zii, sikelo itaima pomwe tinaisiya. Ena sabweranso n'komwe, mzere wawo m'kaundula umangokhala wopanda kanthu. Ambirife tikamayamba timafuna mutu waukulu, wonena za imfa za makhanda m'dziko lonse. Aphunzitsi amene ankandiyang'anira anandifunsa zinthu zitatu zokha: ukufuna kudziwa za ndani, ali kuti, pa nthawi iti? Funso linatsala lalifupi: n'chiyani chimathandiza kapena kulepheretsa mayi kupitiriza kangaru akafika kunyumba?

Kenako kuwerenga. Ndinkafufuza pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za kafukufuku wa zachipatala, pa HINARI, yomwe bungwe la WHO linakhazikitsa kuti mayiko osauka aziwerenga magazini a zachipatala mosavutikira ndalama, komanso mu Malawi Medical Journal, yomwe imawerengedwa ulere pa intaneti. Apa m'pamene ndinadziwa bwino mbiri ya ntchito imene ndinkaigwira tsiku ndi tsiku. Kangaru anayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene dokotala Edgar Rey anaona kuti makina otenthetsera ana ndi ochepa, makhanda angapo akugona m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda. Kuno kwathu anayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa kubadwa kwa ana masabata 37 asanakwane, ana 18 mwa 100 alionse. Ndipo mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi kuno ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pa ana 3,211 olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika 1.8. Ana amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe apezako bwino, anamwalira 12 mwa 100 m'masiku 28 oyamba, pomwe mwa enawo anamwalira pafupifupi 16. M'chaka chotsatira WHO inasintha malangizo ake, kuti kangaru aziyambika nthawi yomweyo mwana akabadwa, kwa maola 8 mpaka 24 patsiku.

Maola 8 mpaka 24. Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za mayi wa kumudzi amene ayenera kutunga madzi, kusinja, kuphika pamafuwa ndi kusamalira ana ena. Umboni woti kangaru amapulumutsa moyo ulipo wokwanira, ndipo sindinkafuna kuutsimikiziranso. Chimene ndinkafuna chinali kumva kwa amayiwo, choncho ndinasankha kafukufuku wa kucheza ndi anthu mwakuya, osati wowerengera manambala. Musasankhe njira chifukwa choopa masamu kapena chifukwa mnzanu anaigwiritsa ntchito. Funso lanu ndilo likuuzeni: ngati likuti "angati", muwerenge, ngati likuti "chifukwa chiyani", mukhale pansi mumvetsere.

Za kulemba pulopozo, chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, sindichulukitsa, poti kusukulu amaphunzitsa ndipo aphunzitsi amakubwezerani mpaka iwongoke. Chimene ambiri sachiganizira msanga ndi mapepala oiperekeza. Pamafunika mafunso amene mudzafunse, chikalata chofotokozera wotenga mbali ndi chopempha chilolezo chake, zonsezi m'Chingelezi ndi m'chilankhulo cha anthuwo, ndondomeko ya ndalama, ndondomeko ya nthawi, mbiri ya maphunziro anu ndi ya aphunzitsi anu, komanso kalata yochokera kumene mukachitire kafukufukuyo. Kalata imeneyi muyambe kuifunafuna msanga. Ine ndinayamba ndi asisita oyang'anira wodi, kenako ametroni, ndipo pomwe ndinkafika ku ofesi ya a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lathu, nkhani inali itamveka kale. Ndinakafotokozanso pamaso pa komiti ya kafukufuku ya m'boma lathu, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chimene ndinachilemba m'kope: ndikamaliza ndidzabwere ndi zotsatira, zisakathere m'laibulale.

Popeza ndinali wophunzira wa KUHeS, yunivesite imene inapangidwa pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine n'kuyamba kugwira ntchito mu 2021, mapepala anga anapita ku COMREC, komiti ya sukuluyi younika ndi kuvomereza kafukufuku. Amene sali pansi pa sukuluyi nthawi zambiri amapita ku NHSRC, komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena ku komiti ya yunivesite yawo ngati ili yovomerezeka. Lamulo lake n'limodzi kulikonse: musafunse munthu ngakhale mmodzi, musakopere ngakhale tsamba limodzi la kaundula, kalata yovomereza isanatuluke.

Pulopozo inabwerera ndi mafunso, ndipo pano ndi pomwe ndikufuna kuima nthawi yaitali, chifukwa mafunso amenewa ndi amene anaumba kafukufuku yense.

Loyamba linali lakuti: inu ndinu namwino wa mu wodi yomweyo, amene munasamalira ana a amayiwa. Kodi mayi angathe kukukanirani? Aliyense amene wagwirapo ntchito m'chipatala cha boma akudziwa yankho lake. Mayi wa kumudzi akaona yunifolomu amati "chabwino anesi" asanamve n'komwe chimene wapemphedwa. Amaopa kuti akakana, tsiku lina mwana akadzadwala sadzalandiridwa bwino. Chikalata cha Helsinki, chimene madokotala a dziko lonse anagwirizana koyamba mu 1964, chimanena za nkhani yomweyi: ngati wopemphedwa akudalira wofufuzayo pa chithandizo, chilolezo apemphe munthu wina wodziwa ntchito amene sali pa ubale umenewo. Ndinapeza mnzanga wa ku dipatimenti ina, amene amayiwo sankamudziwa, kuti ndiye azifotokoza ndi kupempha. Ine ndinkalowa mayi atavomera kale, nditavala zovala wamba ndi chitenje.

Lachiwiri linali la atsikana osafika zaka 18. Mu wodi yathu alimo, ndipo ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa kunyumba mawu awo sapita patali. Kuwasiya kukanakhala kosavuta, koma kafukufuku akanasowa anthu amene ankafunika kumvedwa koposa. Tinalemba kuti mtsikana wotere avomere yekha, kholo kapena womuyang'anira avomerenso, koma pocheza akhale yekha.

Lachitatu linandikhudza mtima. Mukafika pakhomo n'kupeza mwana akudwala, mudzatani? Nanga mukapeza kuti mwanayo anatisiya? Ndinayankha kuti mwana wodwala amatsogola, kucheza kumaima, ndipo ndimathandiza kuti afike kuchipatala. Pakhomo pamene pagwa zovuta ndimapepesa maliro monga mwa mwambo, rekoda osatulutsa m'chikwama. Ngati mayi mwini wake adzafune kulankhula tsiku lina, ndi iye adzanene. Mayankho amenewa ndinawalemba ndime ndi ndime, kusonyeza tsamba limene ndasintha, ndipo kalata yovomereza inatuluka ndi nambala yake. Chilolezocho chimakhala cha chaka chimodzi, ndipo mukafuna kusintha kanthu, ngakhale funso limodzi, mumabwereranso kukapempha.

Ndikuuzeni momwe kupempha chilolezo kunkayendera, poti papepala pamaoneka ngati nkhani ya siginecha basi. Tinapatsidwa kachipinda kakang'ono pafupi ndi pomwe ana amakwezedwa sikelo, kokhala ndi benchi ndi chitseko chotsekeka. Mnzanga uja ankawerenga chikalata chonse mokweza, pang'onopang'ono, kenako n'kumufunsa mayi kuti abwereze m'mawu akeake zimene wamva. Ambiri poyamba ankaganiza kuti pali mankhwala atsopano kapena kuti mwana atengedwa magazi. Ankawafotokozeranso kuti palibe jakisoni, palibe magazi, n'kucheza chabe, dzina lawo silidzalembedwa paliponse, ndipo akakana mwana adzathandizidwa chimodzimodzi. Amene sadziwa kulemba ankadinda chala pamaso pa mboni imene asankha okha, kawirikawiri gadiyani wawo. Mayi wina, atamvetsera zonse mwana ali pachifuwa, anati akufuna akafunse kaye bambo a kunyumba. Anapatsidwa chikalatacho kuti apite nacho. Atabwera kusikelo sabata yotsatira anati bambo akana, ndipo iyenso sakufuna. Mnzangayo anamuthokoza, mwana anakwezedwa sikelo monga mwa nthawi zonse. Tsiku limenelo ndinakhutira kuti njira yathu ikugwira ntchito, chifukwa pamene aliyense akuvomera m'pofunika kukayikira ngati anthu akumva kuti ali ndi ufulu wokana.

Kumudzi sitinkangofika. Amene amakumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pomwe anthu anaphedwa pongoganiziridwa, akudziwa kuti mlendo wonyamula chikwama ndi kachipangizo kosadziwika sayenda yekha. Ndinkadzera kwa mlangizi wa zaumoyo wa deralo, iye n'kundiperekeza kwa amfumu, ndipo kwa amfumu ndinkanena za ntchito yanga popanda kutchula za matenda a munthu. Rekoda ndinkaionetsa kwa mayi, kujambula moni wathu n'kumutsegulira kuti aumve, adziwe ntchito yake. Ndalama yobwezera nthawi ndi mayendedwe inali imene komiti inavomereza, yofanana kwa onse, ndipo sitinkaitchula ngati nyambo.

Ndisanayambe kwenikweni ndinayesa mafunso anga pa amayi ochepa amene sanalowe m'kafukufuku. Funso lakuti "mumachita kangaru maola angati patsiku" silinkabala kanthu. Aliyense ankayankha zimene tinamuphunzitsa mu wodi. Koma ndikati, "Amayi, tandiuzani za dzulo, kuyambira pomwe munadzuka," nkhani inkatuluka yokha: mwana anamugoneka pamphasa popita kumjigo, anamumasula pophika poopa utsi ndi moto, usiku anagona chokhala atatsamira khoma mpaka msana kuwawa. Ndinapempha chilolezo chosintha funsolo, ndipo ndinapitiriza kucheza ndi amayi mpaka pomwe nkhani zatsopano zinasiya kutuluka.

Kulemba zojambulidwa ndi ntchito yotopetsa kuposa ina iliyonse. Kucheza kwa ola limodzi kumadya tsiku lathunthu. Ndinkalemba m'Chichewa mawu ndi mawu, tsiku lomwelo kapena mawa lake nkhope ya mayi ikadali m'maso, dzina n'kuika nambala. Mafomu osayinidwa ankakhala m'kabati yokhoma, zojambulidwa pa kompyuta ya pasiwedi. Posanthula ndinatsata njira ya Braun ndi Clarke ya mu 2006: kuwerenga mobwerezabwereza, kuika zizindikiro pa mfundo, kusonkhanitsa zofanana mpaka mitu ioneke. Ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa NVivo. Ine mapepala, zolembera za mitundumitundu ndi tebulo lalikulu zinandikwanira. Aphunzitsi anga ankawerenga zolemba zina paokha kuti tione ngati tikuona zofanana, chifukwa namwino amene wakhala mu wodi zaka zambiri amafulumira kumva zimene ankayembekezera kumva.

Chimene chinaonekera kwambiri n'chakuti amayi ankadziwa ubwino wa kangaru. Vuto silinali umbuli, monga timakonda kunenera pa malipoti. Kangaru ankapitirira pakhomo pamene pali munthu wachiwiri: agogo, apongozi, mchemwali kapena bambo amene walola kumangirira mwana pachifuwa chake kuti mayi asambe ndi kupuma. Pamene munthu wachiwiriyu sanamvetse, ndi iye yemwe ankati mwana amaberekedwa kumbuyo, zakutsogolozo anthu akuseka. Ndipo ife mu wodi tinkaphunzitsa mayi yekha, gadiyani ali panja pa kapinga kudikira nthawi yoona odwala.

Nditateteza pepala langa kusukulu ndi kupereka lipoti lomaliza ku komiti, ndinabwerera ku ofesi ya a DHO monga ndinalonjezera, kenako ku msonkhano wa m'mawa wa mu wodi. Sindinapite ndi buku lonse, ndinapita ndi tsamba limodzi. Tinagwirizana kuti patsiku lotulutsa mwana, gadiyani kapena bambo azilowa, amange yekha chitenje ife tikuona, ndipo m'buku la kuchipatala la mwana tizilemba amene adzathandize mayi kunyumba. Tinawonjezeranso mzere m'kaundula wolemba mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo, kuti mayi akapanda kubwera kusikelo tidziwe woti timuimbire. Ngati kusinthaku kukukweza sikelo za ana, limenelo ndi funso la "angati", ndipo mnzanga wina wa mu wodi yomweyo wayamba kale kulilembera pulopozo.