E30 yanga, gawo 6: inawira tisanaone Zambezi

Papita miyezi itatu ndisanalembe kalikonse za galimotoyi. Si kuti ntchito inaima ayi, anali manyazi. Mu Seputembala ndinadziguguda pachifuwa kuti za injini zatheka, kwatsala mabuleki basi. Pofika kumapeto kwa Okutobala hedi, chivindikiro chapamwamba cha injini, inali itagona pa thumba la feteleza pakhonde panga, ine ndikuizungulira ngati munthu wodikira odwala.

Kwa amene mwangoipeza nkhaniyi: ndi BMW E30 325i ya zitseko zinayi, ya 1989, imodzi mwa zimene zinkasonkhanitsidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria. Injini yake ndi M20 ya masilinda asanu ndi imodzi, malita 2.5, ndipo ili yatsopano inkatulutsa mphamvu ya mahatchi pafupifupi 170. Ndinaipeza kuseri kwa chigayo china kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo. Sindikuikonzera kupita nayo kuukwati kapena kumsika. Ndikufuna tsiku lina idzazungulire pa bwalo lenileni la mpikisano. Anthu ambiri akamva zimenezi amati ndiye ku Maputo, ku bwalo la ATCM ku Costa do Sol. Koma kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, pamene Donnybrook ya ku Harare, kudzera pa Changara ndi pa chipata cha m'malire cha Cuchamano, sikwana n'komwe 400. Maso anga ali kumeneko.

Tsono cholakwa changa chinali ichi. Injini ndinaiyesa mu Juni ndi Julayi, kuno kumtunda. Amene mumaidziwa Angónia mukudziwa kuti miyezi imeneyo m'mawa timaotha moto, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinkaithamangitsa pa msewu wa ku Calómuè, kupita ndi kubwera, singano ya geji ya kutentha osafika ndi pakati pomwe. Ine kumasekerera kuti ndagula ng'ombe yosadwala. Osadziwa kuti imene inkaziziritsa injini ndi mphepo ya kwathu, osati redieta.

Pakati pa Okutobala tinanyamuka ndi mng'ono wanga kupita ku Tete kuti akaongole miyendo pa makina a alayimenti, popeza ndinali nditasintha mabushi onse akutsogolo. Mpaka pa Mussacama, pamene timakumana ndi msewu wa N7 wochokera ku Zóbuè, zonse zinali bwino. Kuyambira pamenepo msewu umanka nutsika, ndipo dziko limasintha ukuliona: minda ya mbatata imatha, milambe imayamba, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Nyengo imeneyo ku Tete madigiri 40 si nkhani yoti anthu n'kuikamba. Singano inasuntha, koma pothamanga inkaima pamalo amodzi. Tikulowa mu Moatize tinapeza mzere wa mathiraki, kuyenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono, kuima. Singano ija inanyamuka ngati yaitanidwa.

Ndinatsegula hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwina mu injini. Njira imeneyi imathandizadi, koma taganizani anthu awiri m'galimoto yopanda kapeti, masana a Okutobala, hita ikuuzira kumaso.

"Achimwene, mukufuna kupulumutsa galimoto kapena kupha ine?"

Ndisanayankhe, nthunzi inatulukira m'mbali mwa boneti. Ndinazimitsa pomwepo, koma mkaka unali utatayika kale. Tinaikankhira pambali, ana akutiwombera m'manja. Mlatho wa Samora Machel tinauwoloka madzulo, ife ndi galimoto yathu tonse tili pamwamba pa lole ya munthu wina.

Titaimasula tinapeza kuti adani anali atatu, ndipo onse ndikanawaona ndikanakhala kuti ndinafufuza m'malo mokhulupirira geji.

Woyamba fani. Fani ya M20 imazungulira kudzera pa kilatchi ya mafuta imene imagwira mwamphamvu injini ikatentha. Ikafa, fani imazungulirabe, maso n'kumaona ngati zonse zili bwino, koma siikoka mphepo. Kuyesa kwake n'kosavuta: injini itatentha, pindani nyuzipepala n'kukhudzitsa nsonga yake ku mapiko mosamala, zala zili kutali. Yamoyo imang'amba pepalalo. Yanga inaima chilili ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Pothamanga mphepo ya mumsewu inkabisa vutoli, pa mzere wa mathiraki panalibenso chobisa.

Wachiwiri redieta. Eni ake akale ankangothiramo madzi a pachitsime kwa zaka zambiri. Titaitsegula, timapaipi tam'munsi tinali titatsekeka ndi zoyerayera zolimba zonga zimene zimamatirira pansi pa ketulo, zosakanikirana ndi dzimbiri. Imeneyo sindinalimbane nayo, ndinagula ina.

Wachitatu ndi amene anandipweteka mtima, chifukwa ndi matenda a amakaniko ambiri kuno. Nditatsegula nyumba ya thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, ndinapeza muli mbee, mulibe kanthu. Wina anaichotsa kalekale. Mawu ake timawadziwa tonse: chimenechi n'cha kwa azungu kozizira, kuno chimangotenthetsa injini. Pa injini zina mwina munthu n'kupulumuka nazo, koma pa M20 ayi. Thermostat yake imagwira ntchito ziwiri. Ikamatsegula njira yopita ku redieta, kumbuyo kwake kuli kachimbale kamene kamatseka njira yachidule yobwerera ku pampu. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala pululu nthawi zonse, ndipo madzi, monga munthu aliyense, amasankha kufupi. Ambiri amangozungulira mu injini momwemo osakaona redieta. Kuno kozizira injini inkachedwa kutentha, ine n'kumayesa thanzi. Ndaikamo ya madigiri 80, ndipo amene adzaichotsenso tidzakumana kwa amfumu.

Mwayi unalipo umodzi. Mahedi a M20 amadziwika ndi kung'aluka akawira, ndipo zikatero oilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Yanga, ya nambala yothera ndi 885 monga mwa ma 325i, anaiyesa ndi mpweya m'madzi ku malo ena opala mahedi mumzinda wa Tete ndipo sinatulutse thovu. Inangopindika pang'ono. Yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita 125.1, ndipo malire opalira ndi 124.7. Atapala inatsala 124.9, kutanthauza kuti mpata wolakwitsanso watsala wochepa kwambiri. Ndinabwerera nayo pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, nditaikulunga m'bulangete, ili pamiyendo panga ulendo wonse. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndanyamula mwana wodwala. Ndinati eya mayi, koma akupezako bwino.

Kubwezeretsa kunanditengera Loweruka ndi Lamlungu lathunthu. Mabawuti a hedi alipo 14, ndipo ndi aja amatamuka ukawamanga, choncho akale sabwereranso. Anga akale anali a mutu wa sipanala wamba, amene ali ndi mbiri yoduka mitu; atsopano ndi a Torx. Kamangidwe kake: onse pa 30 Nm kuyambira pakati kupita kunja, kenako aliyense kumupotoza madigiri 90, kenako 90 enanso. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndinabwereka, koma choyezera madigiri ndinalibe. Ndinatenga kyuteksi yofiira ya mayi a kunyumba n'kudontheza kadontho pamutu pa bawuti iliyonse, koloza kutsogolo kwa galimoto. Ulendo woyamba timadontho tonse tiyang'ane kumbali, wachiwiri tiyang'ane kumbuyo. Ubwino wake ndi woti wina akakuitana pakati pa ntchito, pobwera sufunsa kuti ndinalekezera pati, timadontho timakuuza tokha. Botololo ndinalibweza pamalo pake mwakachetechete, koma linali ndi chala cha girisi, ndiye mlandu unazengedwa usiku womwewo.

Lamba wa taimingi, tenshona yake ndi pampu ya madzi ndinasinthira limodzi. Pa injini iyi lamba akaduka mapisitoni amakumana ndi mavavu, ndipo wanga anali atanyowa ndi madzi otentha, sindikanamukhulupiriranso. Ndinazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, zizindikiro zinabwerera pamalo pake. Mavavu onse 12 ndinawatchera pa 0.25 mm injini ili yozizira. Potulutsa mpweya m'madzi ndinakweza kutsogolo pa jeke, hita ili yotsegula, n'kumasula kabawuti ka pamwamba pa nyumba ya thermostat mpaka madzi anatuluka opanda thovu. Ulendo uno ndi coolant weniweni wosakaniza ndi madzi oyeretsedwa aja othira m'batire, pachitsime tatsanzikana.

Poti galimoto inali kale m'mwamba, ndinagwetsanso sampu, chosungira oilo kunsi kwa injini. Ya E30 ndi ya aluminiyamu ndipo imalendewera pansi kwambiri, moti hampu imodzi yoikwera mwaphuma ikhoza kukusiya oilo ali m'fumbi. Tamangira chitsulo chochinga kunsi kwake, ndipo mkati taikamo timalata totchinga kuti pokhota kwa nthawi yaitali oilo asathawire mbali imodzi n'kusiya pampu ikuyamwa mpweya. Mabuleki ndangosintha mapaipi a labala ndi kuthira DOT 4 watsopano. Wakale anali wakuda ngati khofi, ndipo mafuta a mabuleki akayamwa chinyezi amawira msanga: watsopano sawira asanafike madigiri 230, wonyowa akhoza kuwira pa 155. Za mapadi ndidzalemba zikafika.

Zochotsa kulemera zikupitirira pang'onopang'ono. Mpando wakumbuyo, kapeti, denga lamkati, wailesi ndi masipika ake, zonse ndakhala ndikuziika pa sikelo imene timayezera mbatata, ndipo pano zakwana makilogalamu 58. Chotopetsa ndi phula lomwe anamata pansi pofuna kuchepetsa phokoso. Mu Juni m'mawa linkathetheka lokha ukaligogoda ndi tchizulo. Pano kwafunda, likungonyambitira ngati chingamu. Langizo langa kwa a kuno kumtunda: ntchito imeneyo isungireni chisanu. Pansi pa phulalo, kumapazi a dalaivala, ndapezanso dzimbiri lalikulu ngati chikhatho, kuwonjezera pa lina limene ndinalipeza kale m'buti pamalo a batire.

Ndiye pali nkhani ya khola. Kuti galimoto ilowe mu mpikisano pamafunika roll cage, khola la mapaipi lotchinjiriza woyendetsa ikagubuduka. Mmisiri amene amandiwotcherera ndi bambo wachikulire, tonse timangowatchula a Mestre, ndipo dzanja lawo pa chitsulo ndilibe nalo mawu. Nditawaonetsa chithunzi anagwedeza mutu, n'kulowa kuseri, n'kutulukira ndi paipi ya madzi ya galavanaizi.

"Mwana wanga, iyi ndamangira ngolo zosawerengeka. Matumba a mbatata mulu, ng'ombe ziwiri, msewu wa ku Dómuè nthawi ya dzinja. Inabwerako ndi imodzi yomwe yothyoka?"

"Sinabwereko bambo. Koma ngolo ikagubuduka imataya mbatata. Umu mukhala mutu wanga."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanagonje msanga. Ndinachita kuwaonetsa mzere wa msoko umene umayenda mkati mwa paipi ya madzi kuchokera uku mpaka uko, pamene ikhoza kung'ambikira ikapindidwa mwadzidzidzi. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, amafuna paipi yopanda msoko, ndipo uta waukulu wa kumbuyo kwa mipando ukhale wosachepera mamilimita 45 kukula ndi 2.5 kukhuthala, kapena 50 ndi 2. Kuwonjezera apo utsi wa galavanaizi powotcherera umadwalitsa, ndipo zimenezo anavomera okha kuti zinawagonekapo kangapo, mutu ukuwawa ndi thupi likunjenjemera. Tagwirizana kuti mapaipi ndiitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa mnzanga woyendetsa thiraki, iwo adzawotcherera. Chimene sitinachipezebe ndi makina opindira paipi yotere osaifinya pakhosi. Iwo akuti tidzathira mchenga mkati n'kuitenthetsa. Ine ndakana, poti paipi yotereyi imayenera kupindidwa yozizira. Mkangano umenewo ukadalipo.

Sabata yatha ndinabwerera ku Moatize dala, masana, nthawi yomwe ija. Mng'ono wanga anakana kukwera, akuti ali ndi ana aang'ono. Ndinaima pambali pa msewu injini ikulira kwa mphindi 20, boneti yotseka. Singano inafika pakati n'kukhazikika. Patapita kanthawi ndinamva fani ikugwira, kulira kwake ngati basi ikunyamuka, ndipo singano inabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinakhala m'menemo thukuta lili kamukamu, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga. Alayimenti ija inachitika tsiku lomwelo, patatha mwezi ndi theka.

Pobwerera, ndikukwera mtunda kupitirira Mussacama, ndinayamba kumva kugunda kumbuyo ndikasintha giya kuchoka yachiwiri kupita yachitatu. Gu, kamodzi, pansi pa pamene panali mpando. Kunyumba ndinalowa pansi ndi tochi: bushi yogwira difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, yang'ambika kuzungulira, ndipo mabushi awiri a subframe, chitsulo chonyamula difu ndi miyendo yakumbuyo, nawonso afwafwanthuka, ukalowetsa chitsulo chimasewera. Ndawonjezera pa mndandanda wa mnzanga wa thiraki uja, pamodzi ndi labala ya propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ku difu, poti ndikagwetsa zonsezo sindikufuna kudzagwetsanso. Akuti adutsa pa Cuchamano Khirisimasi isanafike. Pakadali pano galimoto ili pa zitsa zinayi pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo dzulo m'mawa ndapeza dzira m'buti, pamalo pa tayala la sipeya.