Masekondi khumi amene anandiphetsa TV

Ndiyambe ndi kuvomera kuti mu 2019 ndinawalakwira mayi akunyumba. Sewero la pa TV la Game of Thrones litatha mu Meyi chaka chimenecho iwo anafufuma sabata yathunthu, eti kuyambira 2011 akutsatira zinjoka zouluka ndi nkhondo zosatha, mapeto ake Jon Snow n'kumubaya Daenerys ndi mpeni, ufumu n'kupatsa Bran, munthu woti sizoni 5 yonse sanaonekeko olo kamodzi. Anakasaina nawo ndithu kalata ija ya pa intaneti imene anthu opitirira 1 miliyoni anasaina yoti sizoni 8 aijambulenso ndi olemba odziwa ntchito. Ine kuseka mpaka misozi. Ndinati inu mayi, ndi sewero chabe ili, mukuganiza kuti a HBO, eni sewerolo, akaona dzina lanu anjenjemera? Ndinawakumbutsanso kapu ya khofi ija anaiwala patebulo mu episodi 4, ndikuti anthu oiwala kapu pamaso pa kamera mukufuna akumbukire mtima wanu? Sanayankhe. Anangondiyang'ana ndi diso lija loti tionana.

Ndiye chaka chatha alamu anga anandibwereka bokosi lawo la ma DVD a The Sopranos. Bokosi limeneli amalisamala kuposa satifiketi ya ukwati, pondipatsa anachita kunena katatu kuti alamu chimbale muzigwira m'mbali, osati pakati. Kwa amene simukulidziwa, ndi sewero la Tony Soprano, mkulu wa zigawenga ku New Jersey amene masana amaopseza anthu koma amakakhalanso kwa dokotala wa maganizo kukadandaula za mayi ake. Linayamba 1999 n'kutha 2007, masizoni 6, maepisodi 86, ndipo ine ndinawamwa onse m'miyezi inayi, tulo osagona, kuntchito kumangoyasamula ngati ndili ndi khanda kunyumba. James Gandolfini, amene amasewera ngati Tony, ndinafika pomuona ngati malume anga enieni, oipa mtima koma ako ndi ako basi.

Usiku wa episodi yomaliza ndinalamula kuti pasapezeke wolankhula. Ana ndinawagoneka msanga, foni ndinathimitsa. Mayi akunyumba anakhala pambali akupinda zovala, phee, ndipo pano ndikaganiza ndimaona kuti kufatsa kumene kuja kunali kokayikitsa.

Chakumapeto Tony walowa mu lesitilanti, wakhala pansi, waika nyimbo, akudikira banja lake. Chitseko chili ndi kabelu, aliyense akalowa ngiii, iye n'kudzutsa mutu. Walowa mkazi wake Carmela. Walowa mwana wake AJ, koma patsogolo pake palowanso bambo wina wa jekete amene wakakhala pakauntala n'kumangomuba ndi diso Tony, kenako wanyamuka kulowera kutoileti, ine mtima uli phaphapha chifukwa aliyense woonera mafilimu a zigawenga amadziwa kuti munthu akapita kutoileti sabwerako chimanjamanja. Panja mwana wamkazi Meadow akulimbana ndi kupaka galimoto, walephera, wabwerera, walepheranso, ine ndikukuwa chamumtima kuti mwana iwe ingoisiya pamsewu pomwepo. Wapaka, akuthamanga, kabelu ngiii, Tony wadzutsa mutu.

Bii! Mdima. Nyimbo yadukira pakati, sikirini yakuda, zii.

Aise sindinadikire olo masekondi atatu. Ndinalumpha n'kudina batani lotulutsa chimbale, ndikuti ndinadziwa ine, zinthu zobwereka. Ndinachiuzira mpweya, kupukuta ndi malaya, kubwezeramo, kuthamangitsa mpaka pa lesitilanti paja. Meadow wayambiranso kupaka galimoto yake ija. Kabelu ngiii, bii! Ndatulutsanso. Apa ndinakumbukira nzeru ina yomwe ndinamva kalekale yoti chimbale chokalika umachipaka mankhwala otsukira mano, ndiye ndinapita kubafa n'kuchipaka bwinobwino ndi chala, pakati pomwe paja anandiletsa alamu, n'kuchitsuka pampopi. Nditabwezeramo chinayamba kudumphadumpha malo amene poyamba chimayenda bwino, Carmela akulankhula ngati wagwidwa ntchirichiri, koma pofika pa kabelu paja, bii, pomwepomwepo osaphonya.

Munthu wanzeru akanadabwa kuti kukalika kwanji kosankha sekondi imodzimodzi katatu konse. Ine nzeru zinandiuza kuti vuto ndi TV. Ndinagwedeza mawaya onse kumbuyo, ndinasintha mabatire a rimoti, ndinadzutsa mwana wamkulu kumufunsa ngati anaseweretsa mabatani masana, mwana akulira kuti adadi ine sindinagwire. Kachinayi Meadow akupaka galimoto ndinali nditaima pambali pa TV dzanja lili m'mwamba ngati ndikudikira udzudzu, itangoti bii ndinaipatsa khofi limodzi lakumbali, lija timapatsa wailesi ikamachita nthabwala. Koma ma TV a masiku anowa ndi opyapyala ngati kalendala, si aja akale a chimsana oti ukamenya dzanja ndi lomwe limapweteka. Inapendama, ndinaigwira mochedwa, kona inagunda pa shelefu, ndipo chithunzi chitabwera chinali mizeremizere yobiriwira ndi yofiirira kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Mayi akunyumba anangoti, mwakonza bambo? N'kunyamula zovala zawo kukagona.

Kutacha ndinaitana mnyamata wokonza ma TV. Anaiyang'ana, anaigogoda pang'ono, akuti bwana sikirini yasweka mkati iyi, yagwa? Ndinati inayamba yokha kuzima, ndipo ndinamufotokozera zonse mwaukatswiri, kuti imazima malo amodzimodzi, mwina ndi vuto la kutentha. Anafunsa kuti mumaonera chani. Nditatchula dzina anaika sikuludiraiva pansi, anandiyang'ana, kenako anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Anatulutsa foni yake, anasaka kachigawo komweko pa YouTube n'kundipatsa, akuti bwana onerani koma manja muike kumbuyo. Meadow wapaka galimoto kachisanu. Kabelu. Bii. Ine ndati waona, nayonso foni yako! Iye akuti dikirani bwana. Tadikira. Masekondi ngati khumi, kenako mayina a osewera ayamba kuoneka, opanda nyimbo, mwaulemu wake.

Ndi mmene linathera sewerolo. David Chase, mwini wake, anachita dala. Mnyamata uja akuti musadandaule bwana simuli nokha, pa 10 Juni 2007 litaonetsedwa koyamba anthu ambirimbiri ku America anaganizanso kuti TV yawo kapena waya wawo wafa, kungoti iwowo anadikira. Mpaka lero anthu akukanganabe kuti kodi Tony anaomberedwa ndi bambo wa jekete uja ndiye mdimawo ndi imfa yake, kapena moyo unangopitirira ife ndi amene anatitsekera panja. Ine panthawiyo zoti Tony wafa kapena ali moyo sizimandikhudza, chomwe ndimadziwa motsimikiza n'choti yafa ndi TV yanga ndipo wakupha ndi ine.

Kenako zinanditulukira. Ndinayamba kulalata pabalaza pomwepo kuti munthu ungatenge maepisodi 86 a moyo wa anzako n'kuwalipira mdima? Bola aja oonera sewero la Lost mu 2010 anakwiya ataona mathero, bola oonera sewero la Dexter mu 2013 anamuona munthu wawo atasanduka wodula mitengo, ndi zopusa koma anaona ndi maso, ine ndaona chani? Ndinati ameneyu ndi wakuba, akanakhala pafupi akanandigulira TV ina. Ndikulankhula choncho mayi akunyumba atulukira kuchokera kuchipinda, nkhope yowala ngati tsiku la ukwati, ndipo ndi pomwe zinadziwika kuti achimwene awo anawauza kalekale mmene limathera, usiku wonse uja amapinda shati imodzi yomweyomweyo akudziluma milomo.

Anandiikira pepala ndi cholembera patebulo. Akuti bambo musapse mtima, ndi sewero chabe ili, koma ngati zakuwawani kwambiri lembani kalata aijambulenso, ine ndisaina nawo, tikhala awiri.

Ndisanapeze poyankhira foni yalira, alamu. Akuti alamu mwamaliza? Mathero ake mwawaona bwanji, ndi aluso eti? Ndibwera madzulo kudzatenga bokosi langa. Ine ndikuyang'ana chimbale chomaliza chili pampando, chikununkhira bwino ngati m'kamwa mwa munthu wopita ku intavyu.