Masiku 60 osaka inshuwalansi ya zaumoyo ku America

Khadi la inshuwalansi lafika dzulo. Ndaligwira ngati satifiketi ya sukulu, chifukwa zimene ndaona kuti ndilipeze n'zosasimbika. Ndilembe msanga mkwiyo usanazizire, mwina mnzanga wina amene ali kuno angalambalale dzenje limene ndinagweramo ine.

Ntchito itandithera, inshuwalansi inapitira limodzi, poti kuno ambiri amaipezera kuntchito. Anandipatsa pepala la COBRA, lamulo lokulola kupitiriza inshuwalansi yomweyo mpaka miyezi 18, koma ukulipira wekha zonse, ndi gawo lija ankakulipirira abwana lomwe. Nditaona ndalama yake ndinangolipinda pepalalo n'kuliponya m'kabati.

Inatsala ndi Marketplace, msika wa inshuwalansi umene unabwera ndi lamulo la Affordable Care Act, limene aliyense amangoti Obamacare. Kulembetsa kwa chaka ndi chaka kumayamba pa 1 Novembala, koma ntchito ikakuthera pakati pa chaka amakupatsa masiku 60 basi. Ine milungu itatu yathunthu ndinaitaya pomvera andale. Pa TV uyu akuti lamuloli likufa mawa, uyo akuti ndi lokhalo lotipulumutsa, ndiye ndinati ndidikire kaye fumbi lithe. Fumbi lake limatha ngati? Obama anasaina lamuloli pa 23 Malichi 2010. Mu 2012 linali kale kubwalo lalikulu la milandu. Mu Julayi 2017 phungu John McCain anavota zokana polozetsa chala pansi m'Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za kuno, ofuna kuligumula n'kugonja ndi mavoti 51 kwa 49. Ngakhale mu 2025 ntchito za boma zinaima masiku 43, aphungu akukokanakokana pa thandizo lowonjezera lochepetsera anthu malipiro a pamwezi. Amakangana makhadi awo ali m'thumba, iwe ukuwerenga mapiritsi a BP amene atsala m'botolo. Musadikire andale, masiku 60 aja sakuyembekezani.

Za kudzaza fomu sindichulukitsa, aliyense angathe. Pamene ndinaseka ndi pa funso loti ndipeza ndalama zingati chaka chonse. Munthu wopanda ntchito! Koma musalembe mwachibwana, chifukwa thandizo la boma amaliwerengera pamenepo, ndipo nthawi ya msonkho fomu ya 1095-A, yosonyeza thandizo limene munalandira, idzakupezani. Ngati munapeza zambiri kuposa zimene munalemba, mudzabweza.

Mapulani a inshuwalansi ali m'magulu anayi: Bronze, Silver, Gold ndi Platinum. Maso anga anathamangira Bronze poona kutchipa kwa pamwezi, osaona deductible, ndalama imene umayamba watulutsa wekha kampani isanayambe kukuthandiza pa zambiri. Anandibweza ndi mayi wina wa gulu la ma navigator, anthu othandiza kulembetsa mwaulere. Anandiuza kuti wopeza zochepa amachepetseredwa deductible pa Silver pokha.

Tsopano tsiku limene linandiwawa. Ndinasankha pulani, kompyuta n'kundiyamikira kuti ndamaliza, ine n'kugona tulo tabwino. Mwezi watsopano utayamba ndinalawirira kwa dokotala, mabasi awiri, m'mimba mulibe kanthu poti ndinkayembekeza kuyezedwa magazi. Mtsikana wolandira odwala analemba dzina langa, n'kulembanso kachiwiri, kenaka anati, "Pepani bambo, simukuoneka." Ndinakhala pampando wapakona pafupi ndi thanki ya madzi akumwa, foni kukhutu, kanyimbo ka kampani ya inshuwalansi kakungobwerezabwereza. Woyamba anandipatsira wachiwiri, wachiwiri anandifunsanso tsiku lobadwa n'kundipatsira wachitatu, foni n'kuduka. Ndinayambiranso. Dzuwa litapendeka ndi pamene wina anandiuza mosadandaula n'komwe kuti sindinalipire mwezi woyamba, choncho inshuwalansi sinayambe. Bilu anaitumiza pa positi, akuti. Sindinaione ine.

Abale anga, kusankha pulani si kulowa. Lipirani mwezi woyamba kukampaniyo tsiku lomwelo, ndipo lembani nambala yotsimikizira kuti mwalipira. Ndinalipira ndili pampando womwewo, koma kompyuta ya chipatala inati sikundidziwabe, mpaka papite masiku angapo. Ndinabwerera ndi njala yanga.

Ndaiwala chinthu china cha koyambirira. Adzafuna umboni woti inshuwalansi yakuntchito inathadi, kalata yokhala ndi dzina lanu ndi tsiku. Pepala la COBRA lija ndinaliponya m'kabati ndi limene linandiombola, ndinachita kulisita ndi dzanja kuti lijambulike bwino. Ndiponso funsani za Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, m'dera lanu, chifukwa chigamulo cha bwalo lalikulu cha 2012 chija chinasiyira dera lililonse ufulu woikulitsa kapena ayi, ndipo Texas ndi Florida sanaikulitse.

Chilungamo ndinene, palibe anandikana kapena kundikwezera mtengo chifukwa cha BP yanga. Lamulo limaletsa, ndipo ndikamva wandale akulankhula zoligumula osatchula mfundo imeneyi, ndimasintha tchanelo.

Nditabwereranso kuchipatala kuja ndinapeza kuti dokotala uja, ngakhale dzina lake lili pamndandanda wa madokotala wa kampani ya inshuwalansi, anasiya kulandira pulani yangayo. Imbirani chipatala chenichenicho, mutchule dzina lonse la pulani, musakhulupirire mndandanda. Ndapeza wina, ndikukaonana naye Lachinayi. Nambala ya malipiro oyamba ija ndaimata pachitseko cha firiji, ina ndailemba kuseri kwa khadi.