Sabata ya kaloboti komenyana pa shopu pathu

Ine ntchito yanga ndi yokulunga mamota, a zigayo, a mapampu, mafani, kuno ku Luwinga. Ndiye Lolemba m'mawa kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kosathaka, anatulukira anyamata awiri ophunzira zamagetsi atanyamula kaloboti m'jumbo, akuti ankolo tithandizeni mota yafa. Ndi timaloboti tomenyana tija, aona BattleBots pa YouTube nawonso mtima wapita komweko. Kawo ndi ka gulu la beetleweight, kosapitirira 1.36 kg, kutsogolo kuli kachitsulo kozungulira ka 12 cm komenyera mnzake.

Nditatsegula ndinapeza shafuti yapindika, maginito awiri asweka. Chifukwa chake chinali poyera, chitsulo chija anachimangirira pamota penipeni opanda lamba, ndiye chikamenya kanthu mphamvu yonse imabwerera m'maberingi ndi m'maginito. Mota yake ndi brushless, yopanda mabulashi, ya 1400KV, kutanthauza kuti pa volt iliyonse imazungulira ka 1,400 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Batire ndi la mtundu wa LiPo, la 3S kutanthauza maselo atatu, 11.1 V. Ndinawauza kuti aphwanga chulukitsani nokha, anapeza 15,540. Mota ya chigayo yomwe inali pabenchi pompo imazungulira cha m'ma 1,450 basi.

Lachiwiri ndi Lachitatu sindinakagwire, kunali pampu ya kasitomala ku Ekwendeni komanso magetsi anathima masana onse.

Lachinayi ndi pomwe tinakangana zenizeni. Iwo amafuna liwiro, akuti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yomenyera imawirikiza kanayi, ndipo apo sananame. Koma ndinawafunsa kuti nanga dzino la chitsulocho lilowa bwanji mwa mdani? Chitsulo cha mano awiri pa liwiro limenelo, mano amadutsa kopitirira 500 pa sekondi imodzi, loboti ikamathamanga mamita 2 pa sekondi dzino limangolowa 4 mm osakwana n'komwe. Kumeneko ndi kupala ngati gulayinda, zothetheka mbwee koma mnzako ali chiimire. Ukachepetsa liwiro ndi theka dzino limalowa pafupifupi 8 mm, likakhala dzino limodzi lokhala ndi cholemetsa mbali inayo ndiye 15 mm. Anakhala chete kaye, kenako wamng'onoyo anatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera yekha pakatoni, ine zimenezo zinandisangalatsa kwambiri chifukwa ambiri amangofuna uwakonzere azipita.

Tinagwirizana 2:1. Mnzanga wa lathe, makina osemera zitsulo, pafupi pano anatisema mapule awiri a aluminiyamu, yaing'ono pamota yaikulu pachitsulo, mosemphana ndi chigayo chomwe pule yaikulu imakhala kumota kuti nyundo zithamange. Apa chitsulo chizizungulira cha m'ma 7,700, mphamvu yopotokola yawirikiza kawiri ndiye chimadzuka msanga, ESC, kachipangizo kowongolera liwiro la mota, nayo siitentha poyambira. Chitsulo tinachipatsa shafuti yakeyake ndi maberingi ake. Pa lamba iwo amafuna wa mano, ine ndinakana, ndinaika wozungulira ngati O-ring wa pampu, chifukwa chitsulo chikaima mwadzidzidzi lambayo amaterereka mota n'kupulumuka. Lamba ndi wotchipa, mota yoitanitsa kunja udikira masabata, ndipo ina yomwe anabweretsa yolowa m'malo mwa yakufa ija inali yomaliza.

Lachisanu tinayesa. Ndinakaniratu zoyatsira pabenchi, nsonga ya chitsulo chija ikuyenda kopitirira 170 km pa ola ngakhale tachepetsa, bawuti ikathothoka ikhoza kuchotsa munthu diso. Tinakhoma bokosi la matabwa okhuthala, foni mkati ikujambula, ife panja, batire timachajira pasimenti kutali ndi vanishi. Tinaika chibenthu cha mbulugamu, kaloboti kanachimenya chinakagunda denga la bokosi. Titatsegula mota inali yofunda pang'ono chabe, koma lamba anavuka pa kumenya kwachitatu, ngalande ya pule yaikulu ndi yosaya. Ndaibweza ku lathe, anyamata abweranso Lolemba akaweruka.